Kumanga ndi kusamalira sepitiki thanki pa nthaka yamchenga ya Mangochi

Amene akufuna chimbudzi cha madzi m'nyumba mwake kuno ku Mangochi ayambe wadziwa pamene madzi a pansi pa nthaka amalekeza, asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. M'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, monga kwa Mponda, ku Namiasi ndi kwa Makawa, malo ambiri ndi amchenga ndipo madzi ali pafupi, kusiyana ndi kumtunda monga ku Namwera. Kumbani dzenje loyesera mu Epulo kapena Meyi, pamene madzi amakhala atakwera kwambiri, chifukwa dzenje la mu Okutobala limanamiza: limaoneka louma gwa, koma mvula ikagwa limasanduka chitsime. Amene anaona nyanja ikulowa m'makomo ndi m'malo ogona alendo mu 2024 sadzafuna kuuzidwa kawiri.

Thanki, lomwe limalandira zonyansa zochokera m'chimbudzi, likhale mamita osachepera atatu kuchokera pa maziko a nyumba, pamalo pamene galimoto yopopa ingafike. Dzenje lomwetsera madzi otuluka m'thanki, limene amisiri amati soakaway, litalikirane mamita 30 kapena kuposerapo ndi chitsime kapena mjigo uliwonse, wa anansi anu womwe, popeza mumchenga madzi oipa amayenda mofulumira asanasefeke. Boma lino linali limodzi mwa maboma amene kolera ya 2022 ndi 2023 inasautsa kwambiri, choncho mtunda umenewu si wonenerera.

Kwa banja la anthu 6 mpaka 8, thanki la mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi, ndi madzi akuya mamita 1.2 ndi lokwanira, ndipo limasunga malita pafupifupi 3,500. Ligawidwe zipinda ziwiri, choyamba chitenge magawo awiri mwa atatu, chifukwa m'menemo ndi mmene zolemera zimakhazikika pansi, mafuta n'kuyandama pamwamba, tizilombo tosaoneka n'kumaoletsa zonsezo pang'onopang'ono. Pokumba, tchingani m'mbali ndi matabwa, pakuti mchenga umagumuka osachenjeza. Pansi thirani konkire yokhuthala masentimita 15, ndipo makoma apakidwe pulasitala mkati ndi kunja komwe, muyezo umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga.

Alipo amisiri ena amene amasiya dala mipata m'makoma ponena kuti thanki lisamadzaze msanga. Musalole zimenezo. Mpata wotulutsa zonyansa m'chilimwe ndi womwewo umene umalowetsa madzi a pansi m'dzinja, ndipo thanki limadzaza ngakhale eni nyumba ali paulendo. Musanakwirire, lidzazeni madzi, lembani chizindikiro ndi khala pamene afika, ndipo mukaonenso mawa lake nthawi yomweyo. Ngati atsika moonekeratu, mmisiri abwereze pulasitala asanalandire ndalama yotsala.

Paipi yochokera m'nyumba ikhale ya mamilimita 110, yotsetsereka masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Polowera pakhale pamwamba kuposa potulukira ndi masentimita osachepera asanu, ndipo mbali zonse ziwiri muike paipi ya T kuti mafuta oyandama asapitirire. Paipi ya mpweya ipitirire denga, kukamwa kwake kutatchingidwa ndi sefa yoletsa ntchentche ndi udzudzu.

Pansi pa soakaway payenera kutsala dothi louma lokwana mita ndi theka madzi a pansi asanayambe. Kumene zimenezi sizingatheke, lekani dzenje lakuya, kumbani ngalande zazitali zosazama, muyalemo miyala, pamwamba pake mugoneke paipi yobooledwa, kuti madzi azimwera m'dothi lapamwamba. Madzi a padenga asalowemo ayi.

Kamodzi pachaka, kulungani nsalu yoyera kumtengo wautali ndi kuupisa mpaka pansi pa chipinda choyamba. Matope akuda akafika gawo limodzi mwa atatu a kuya kwa madzi, konzekerani kuitana opopa, ndipo asiyemo pang'ono kuti kuola kuyambirenso msanga. Ntchitoyi ichitike m'chilimwe, chifukwa thanki lopanda kanthu pakati pa nthaka yodzaza madzi limakankhidwa kuchokera pansi mpaka kung'aluka. Matewera, nsanza, mafuta okazingira nsomba ndi mamba a chambo malo ake si m'chimbudzi, ndipo Jik wochuluka amapha tizilombo tomwe timagwira ntchito m'thankimo.

Chimbudzi chikayamba kuchedwa kumeza madzi, musathamangire kuswa chilichonse. Tsegulani chivundikiro muone: ngati madzi ali pa muyezo wa paipi yotulukira, chatseka chili pakati pa nyumba ndi thanki, ndipo pulambala angatokose ndi ndodo zake, koma ngati madziwo amiza paipiyo, ndiye kuti yatsekeka potulukira kapena soakaway yaleka kumwa, ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi kukumba ina pambali. Pochita zonsezi munthu asalowe m'thanki, asasuzumire ndi nyali yamoto kapena ndudu kukamwa, chifukwa mpweya wa m'menemo umayaka ndiponso umakomola msanga. Mukatha, bwezerani chivundikiro cha konkire cholemera moti mwana sangachisunthe.