Momwe mungasiyire mphatso mu wilo yanu bungwe losunga mbiri ya malo

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anathawanso kutali. Zaka zimenezi zinalembedwa m'mabuku. Koma pamene asodzi a ku Kachulu ankasiya mabwato awo nthawi imeneyo, njira imene anthu ankadzera popita pachilumba cha Chisi, chitsime chimene sichinaume, zonsezi zili m'mitu ya anthu amene akukalamba tsiku ndi tsiku. Akapita, zapita.

Alipo mabungwe ang'onoang'ono amene amasunga zinthu zotere. Society of Malawi, yomwe inayamba mu 1946, ili ndi laibulale yake m'nyumba yakale ya Mandala House ku Blantyre, momwe muli mabuku, zithunzi ndi zolembedwa za dziko lino. Wildlife and Environmental Society of Malawi, ya mu 1947, imadziwika ndi makalabu a zachilengedwe m'masukulu. M'maboma mulinso timagulu tosamalira phiri, dambo kapena nkhalango. Mabungwe otere amadalira zopereka za mamembala ndi za anthu akufuna kwabwino. Mungawathandize ndi kagawo ka chuma chanu mukadzatisiya, komanso ndi zimene mukukumbukira mudakali moyo.

Yambani ndi a pabanja panu

Ambiri timaopa wilo ngati kuti kuilemba n'kuitana imfa. Koma amene anaonapo mkangano wa chuma cha masiye pamaliro amadziwa kuti pepala limodzi likanateteza ana. Lamulo la za chuma cha masiye la mu 2011 limalola munthu wamkulu aliyense amene mutu wake ukuyenda bwino kulemba wilo, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Limapatsanso khoti mphamvu zothandiza mkazi, mwamuna kapena ana ngati wilo yawasiya manja lende. Choncho lembani kaye za iwowa: nyumba, fizi ya ana, chisamaliro cha makolo. Bungwe lilandire pa zotsala. Ndipo auzeni a pabanja maganizo anu mudakalipo, asadzadzidzimuke tsiku lowerenga wilo n'kuyamba kuganiza kuti wina anakupusitsani.

Pitani mukalione bungwelo

Musasankhe chifukwa cha tsamba lokongola la pa Facebook. Pitani ku ofesi yawo, onani mmene amasungira mapepala, ngati denga silidontha, ngati chiswe sichinalowe m'mashelefu. Funsani dzina lawo lonse monga linalembetsedwera kuboma, amene amaliyendetsa, ndi lipoti la ndalama la chaka chatha. Bungwe lolongosoka silikwiya ndi mafunso amenewa. Dzinalo likopereni ndendende, chifukwa kungolemba kuti "bungwe la za mapiri" kudzachititsa kuti ogawa chuma asowe kolowera.

Sankhani choti musiye

Mukhoza kutchula ndalama, tinene K500,000. Vuto lake ndi loti kwacha siikhala malo amodzi: inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama imene lero ingagule kabati yabwino yosungiramo mapu, pakadzatha zaka 20 mwina idzangokwanira mapepala. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kusiya gawo, monga 2 kapena 5 peresenti ya zotsala ngongole zikabwezedwa ndipo abale atalandira zawo. Gawo limakula kapena kuchepa pamodzi ndi chumacho, ndipo palibe mwana amene angadzagone ndi njala chifukwa cha mphatso yanu.

Mukhozanso kusiya katundu: mapu akale a ku Department of Surveys, mabuku, kamera, kope limene munkalembamo mvula ya pamunda panu chaka ndi chaka. Koma afunseni kaye ngati angazifune ndiponso ngati ali ndi malo. Munda wa makolo usakhudzidwe, si wanu nokha.

Lembani wiloyo motsata lamulo

Wilo ikhale yolembedwa, ndipo muisayine pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisayine inu mukuona. Sankhani mboni zimene sizidzalandira kanthu, ndipo wa ku bungwe lija asakhale mboni. Tchulani munthu wokhulupirika wodzagawa chumacho, mutamupempha kale. Mawu a mphatsoyo akhale achindunji, mwachitsanzo: "Ndikupereka 3 peresenti ya zotsala za chuma changa ku bungwe lakutilakuti, kuti lizigwiritse ntchito monga momwe oliyendetsa aonere. Ngati bungweli lidzakhale litatha, gawoli lipite ku bungwe lina logwira ntchito yofanana." Chiganizo chomalizachi musachisiye, mabungwe ang'onoang'ono amatha kapena kusintha dzina. Musamangenso mphatso ndi malamulo ambirimbiri; mwina chimene adzachisowe kwambiri nthawi imeneyo ndi ndalama ya magetsi chabe.

Ngati muli ndi nyumba, bizinesi kapena ana a mabanja awiri, pitani kwa loya. Inunso amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain koma muli ndi katundu kuno kumudzi, funsani loya za malamulo a mayiko onse awiri. Mukatha, sungitsani wiloyo pamalo otetezeka, monga kwa loya kapena kubanki, ndipo wodzagawa chuma adziwe kumene ili. Muziionanso mukakwatira, banja likatha kapena mwana akabadwa.

Zokumbukira musadikire nazo wilo

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mphatso iyi ngakhale amene alibe khobidi angaipereke. Tulutsani zithunzi zija zili m'sutikesi pansi pa bedi. Chithunzi cha amuna atatu ataima pamlatho, popanda mawu, n'chithunzi chabe. Koma mukalemba kumbuyo kwake ndi pensulo, osati bolopeni imene imadutsa pepala, dzina la mtsinje, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo, chaka ndi nyengo yake, chasanduka umboni. Wina adzaima pamalo omwewo n'kuyerekeza kuchuluka kwa madzi ndi mitengo. Ngati chaka simukuchikumbukira bwino, lembani kuti "cha m'ma 1980", musapeke.

Kenako khalani pakhonde ndi agogo, foni ili pampando, mujambule mawu awo atavomera. Musawafunse kuti "tiuzeni za kale", angoseka. Afunseni chinthu chimodzi chimodzi: Agogo, madzi a napolo wa mu 1991 ku Phalombe anafika pati? Msika unali pati msewu usanabwere? Dambo ili linkatchedwa chiyani, ndipo munkaphamo nsomba zanji? Amene anabadwa Mangochi ikutchedwa Fort Johnston, Nsanje ili Port Herald, Mchinji ili Fort Manning, akadalipo koma akuchepa. Amadziwanso mayina a timitsinje ndi timapiri timene sitinalowe pamapu alionse. Inunso amene munaona namondwe wa Freddy mu March 2023, lembani pamene madzi ndi matope anafika, pakhoma liti, pamtengo uti. Zimenezi zidzathandiza anthu odzamanga nyumba pamalopo.

Samalani ndi za eni ake. Nkhani za milandu ya malo, matenda kapena mikangano ya anthu amene ali moyo musazipereke popanda chilolezo chawo. Za manda, dambwe ndi malo a nsembe, yambani mwafunsa amfumu.

Mukasonkhanitsa, pangani makope: ena a ana anu, ena a bungwe. Popereka, lembani kalata yaifupi yonena ngati mukuwapatsiratu kapena mukungowabwereka, ngati angazisindikize kapena kuziika pa intaneti, ndi dzina limene azitchula monga mwini wake. Musayine nonse awiri, kalata ina muisunge pamodzi ndi wilo ija.