Mtima wa Munthu Ukaima M'ndege: Zoyenera Kucita

Malangizo awa ndi a anamwino, anthu ophunzira thandizo loyamba ndi anchito a m'minda ya nzimbe amene amayenda pandege pakati pa Lusaka ndi Chileka ku Blantyre, paulendo wopita kapena wocokera ku Chikwawa, Nchalo ndi Nsanje.

Ndege ikakwera m'mwamba, mpweya wa m'kati umapepuka ngati wa pamwamba pa phiri la mamita pafupifupi 2,400. Nchalo safika n'komwe mamita 100 kucokera pa nyanja yamcere. Munthu wathanzi sazindikira kusinthaku, koma wodwala mtima kapena wocepa magazi, mtima wake umalemedwa.

Munthu akagwa kapena kuzyolika pampando, mugwedezeni paphewa ndi kumuitana mokweza. Akapanda kuyankha, yang'anani cifuwa cake kwa masekondi osapitirira 10. Samalani apa, cifukwa ambiri amanyengeka: munthu amene mtima waima kumene nthawi zina amapuma mobanika, mwa apo ndi apo, kapena kucita ngati akuliza nkonono. Kumeneko si kupuma. Musataye nthawi kufufuza kugunda kwa mtima padzanja kapena kumvetsera ndi cipangizo ca dokotala, popeza phokoso la mainjini limabisa zonse. Ngati sakupuma bwino, itanani ogwira nchito m'ndege, ndipo wina athamangire makina a AED, amene amaunika mtima ndi kuupatsa magetsi kuti uyambenso kugunda bwino.

Mucotseni pampando. Mpando ndi wofewa ndipo umamira mukamakanikiza cifuwa, motero magazi sayenda. Anthu awiri kapena atatu amunyamule n'kumugoneka cagada pansi, makamaka pamalo okonzera zakudya kapena pafupi ndi citseko pomwe pali mpata. Njira ya pakati pa mipando ndi yopapatiza, koma ngati palibe kucitira mwina, gwadani cakumutu kwake muyambe pomwepo.

Ikani cikhato pakati pa cifuwa, dzanja lina pamwamba, zigongono zoongoka. Kanikizani kuti cifuwa cilowe masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pamphindi, ndipo muzicisiya cibwerere conse musanakanikizenso. Mukakanikiza ka 30, mupumireni kawiri ndi maski ya m'bokosi la thandizo loyamba. Ngati simunaphunzire kupumira, ingokanikizani osaleka. Sinthanani pa mphindi ziwiri zilizonse, pakuti manja amafooka mwiniwake asanadziwe. Nthiti ikathyoka, musaleke.

AED ikafika, iyatseni ndi kumvera mawu ake. Vulani cifuwa conse, ngakhale ali mayi. Ena atchinge ndi mabulangeti, koma ulemu usacedwetse nchito. Pukutani thukuta, cotsani pulasitala yamankhwala ngati ilipo, ndipo matani zomata ziwiri za makinawo, cimodzi pansi pa fupa la phewa lamanja, cinaco m'nthiti kumanzere pansi pa khwapa. Makina akamaunika mtima, pasakhale womukhudza. Ndege ikamagwedezeka, makina angalephere kuunika bwino, conco musadikire, bwererani pa kukanikiza mpaka alankhulenso. Asanapereke magetsi, sunthani botolo la okosijeni, fuulani kuti onse acoke, ndipo akangopereka yambiraninso kukanikiza. Mphindi iliyonse yocedwa imacepetsa mwayi wopulumuka ndi pafupifupi 7 mpaka 10 pa 100. Ku America lamulo linayamba kukakamiza ndege zikuluzikulu kunyamula AED mu 2004, koma si ndege zonse za kuno zimene zili nayo. Ikasowa, kukanikiza ndiko kokha kumene mungadalire.

Dokotala kapena namwino adzidziwitse kwa ogwira nchito m'ndege kuti amutsegulire bokosi la mankhwala. Adrenaline amaperekedwa miligalamu 1 m'mtsempha pa mphindi 3 mpaka 5 zilizonse, popanda kuimitsa kukanikiza.

Wolamula zoti ndege itere pabwalo lina ndi woyendetsa yekha. Muuzeni zenizeni: nthawi imene munayamba, ndi kangati makina apereka magetsi. Kutsika kumatenga mphindi 20 kapena kuposerapo, conco kudikira ambulansi ya pabwalo n'kumutaya munthuyo.

Bungwe la makampani a ndege padziko lonse, la IATA, limalola kuleka kukanikiza munthu akayamba kupuma, pakakhala ngozi kwa othandiza, onse akatheratu mphamvu, acipatala akamulandira, kapena patapita mphindi 30 popanda cizindikiro ca moyo ndipo makina sanalamule magetsi. Lembani nthawi imene mwaleka. Akayamba kupuma, mugonekeni cam'mbali, mupatseni okosijeni, ndipo zomata za AED zikhalebe pacifuwa mpaka afike kucipatala.