Kamba wa mtedza, chitowe ndi uchi wopangira pakhomo

Amayi ndi abambo, mwana akamanyamuka m'mawa kupita kusukulu, ambirife timamupatsa ndalama, iye n'kukagula tizakudya ta m'mapaketi tongodzadza mpweya ndi mchere. Ikamakwana 10 koloko njala yamugwira kale. Zimandiwawa, chifukwa kuno ku Mangochi tili ndi mtedza, chitowe, mapira, uchi ndi malambe. M'masitolo akuluakulu amagulitsa timidadada ta oats, mtedza ndi uchi totchedwa granola, pamtengo wokwera. Ifenso tingapange tathu pa mbaula, popanda uvuni.

Nkhani yayikulu ndi mtedza. Khalani pansi ndi lichero, musankhe njere imodzimodzi. Yonyala, yoboola, yakuda kapena yonunkha chinyontho, tayani, ndipo musapatse nkhuku. Mtedza wotere umakhala ndi chuku, chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Ena amati moto upha zonse. Ayi, kukazinga sikumuchotsa. Ndaonapo mayi wina ku Namwera akugulitsa mtedza wabwino wonse n'kusunga mphwephwa zoti adye ndi ana. Ndinamupempha kuti ayambe wapatula wa pakhomo. Ngati mwalima mtedza wa mtundu wa CG7, wofiira uja, muli ndi mwayi: ali ndi mafuta ambiri ndipo amanunkhira akakazingidwa. Chalimbana nayenso ndi wabwino.

Kazingani makapu 2 a mtedza pamoto wochepa, mufikise m'manja, mupete, kenako musinje pang'ono mu mtondo, ungosweka, usasanduke nsinjiro. Chitowe, theka la kapu, chikazingeni pachokha chifukwa sichichedwa kupserera. Chikayamba kuthetheka chotsani. Mapira muwaphulitse m'poto wovindikira ngati mbuliuli, akwane kapu imodzi ndi theka. Amene angakwanitse kugula oats aike m'malo mwa mapira. Sakanizani zonsezi m'beseni ndi kamchere, komanso masupuni 2 a ufa wa malambe wosefa. Kuwawasa kwa malambe kumachepetsa kutsekemera, ana sakoledwa msanga.

Tsopano chomatira, pomwe ambiri amalakwitsa. Uchi wokha sungagwire kuno. Ndi dzuwa la Okutobala la kunyanja lino, kamba wa uchi wokha amasungunuka m'chikwama n'kumata makope. Choncho ikani m'poto shuga kapu imodzi yosadzadza, uchi masupuni 4 ndi madzi masupuni 3. Ziwire pamoto wa makala wosalilima, inu muli pomwepo. Kuti mudziwe kuti zapsa, donthezani kadontho m'kapu ya madzi ozizira. Kakamwazika, dikirani. Kakaundana n'kukhala kampira koti mungakatole ndi zala, phulani msanga. Mukachedwa zimada n'kuyamba kuwawa, ndipo kamba amauma gwa, wothyola mano. Ana aang'ono akhale kutali, shuga wowira amawotcha kuposa madzi otentha.

Thirani m'beseni muja, mutakase ndi mthiko mofulumira, mukhuthulire m'thireyi yopaka mafuta pang'ono. Apa gwiritsani mphamvu. Tsinderani ndi botolo loyera, kuligubuduza uku ndi uku mpaka pakhale posalala, pochindikala ngati chala. Kamba wosatsindira bwino amayoyoka podula. Dulani akadali wofunda, timidadada tonga bokosi la machesi.

Akazizira ndithu, sungani m'chigubu chouma chotseka bwino, chifukwa chinyontho chimamufewetsa ndipo nyerere sizichedwa kumupeza. Pangani wongokwanira sabata imodzi. Abambo opita kunyanja usiku kukapha usipa angatengeko, ndipo abale athu amene amasala m'mwezi wa Ramadan angadyeko pomasula.

Kambayu sakulowa m'malo mwa phala la m'mawa kapena nsima ndi ndiwo. Pa magulu 6 a zakudya aja iye akungothandizira. Mwana wosakwana chaka musamupatse, chifukwa uchi ungamudwalitse. Wosakwana zaka 5 angatsamwe ndi zibenthu za mtedza, choncho wake musinje mtedzawo ufike pa nsinjiro. Ndipo ngati mwana amatuluka zidzolo kapena kutupa milomo akadya mtedza, musamupatse, mupite naye kuchipatala.