Mbale yanga ya Hagi inkadontha

Mbale yanga yomweramo matcha (tiyi wobiriwira waufa), ija ku Japan amati chawan, inaumbidwa pamanja ku Hagi, m'chigawo cha Yamaguchi. Tsiku loyamba nditathiramo madzi otentha n'kutakasa tiyi ndi chasen, kaburashi kansungwi kaja, ndinapeza kunsi kwake kwanyowa, patebulo pali madzi. Mtima unangoti phwii, ndimvekere basi yasweka.

Ayi ndithu, sinasweke. Dongo la ku Hagi lili ndi timabowo tambiri, ndipo chonyezimira chapamwamba chija chimakhala ndi timing'alu tosaoneka bwino. Madzi amadutsa mmenemo.

Ndinaphika phala la mpunga lamadzimadzi kwambiri. Litazizira pang'ono ndinadzaza mbaleyo mpaka m'milomo, n'kuisiya usiku wonse kuti phalalo litseke timaboowo. M'mawa ndinaitsuka ndi madzi okha, sopo ayi, chifukwa fungo lake limalowerera m'dongo.

Apa m'pamene ndinalakwitsa: ndinaiika m'kabati isanaumitsitse, ndiye inayamba kununkha nkhungu. Ndinaitsukanso ndi madzi otentha, ulendo uno n'kuiyanika pamalo opita mphepo masiku 5.

Kudontha kunatheratu. Timing'alu tija tayamba kuderako ndi tiyi, koma sindikutipala. Okonda mbale za Hagi amanyadira kusintha mtundu kumeneko, nanenso kwayamba kundisangalatsa.