Momwe Mungasamalire Wodwala Kolera Asanafike Kuchipatala

Kolera ikupitirira kuvuta m'maiko monga Sudan, DR Congo ndi Haiti, kumene nkhondo, kusefukira kwa madzi ndi kusowa kwa zimbudzi zasokoneza ukhondo. Katemera wa kolera naye anachepa, moti mu Okutobala 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi mabungwe anzake anagwirizana zopereka katemerayu kamodzi m'malo mwa kawiri. Kuno ku Malawi, mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700.

Munthu akayamba kutsekula m'mimba chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche, pakuti madzi amatha m'thupi m'maola ochepa chabe. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Ngati mulibe, sakanizani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi, ndipo musapyole muyezowu, chifukwa mchere wochuluka ndi woopsa, makamaka kwa ana. Mumwetseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Akasanza, dikirani mphindi 10 kenako mupitirize. Mwana woyamwa asaleke kuyamwa.

Nyamukani naye kupita kuchipatala akumwabe m'njira, ndipo fulumirani kwambiri ngati maso alowa m'kati kapena akulephera kumwa, pakuti wotere amafunika diripi. Zovala, zofunda ndi ndowa zimene wagwiritsa ntchito zitsukidwe ndi klorini kutali ndi chitsime, ndipo womusamalira asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.