Matumba pa mpando wakumbuyo akupha mabatire a hybrid

Chiyambireni kugulitsa fodya ku Chinkhoma ndi soya m'misika chaka chino, alimi angapo a m'dera langa agula galimoto, ndipo ambiri athamangira Toyota Aqua ndi Prius, galimoto za hybrid zomwe zimayendera petulo pamodzi ndi batire la magetsi. Sindikuwadzudzula. Amene anagonapo pa mzere wa petulo pa boma la Kasungu amadziwa chifukwa chake munthu amafuna galimoto yosamwa mafuta. Ena akuti hybrid imasamala chilengedwe, mawu omwe ife alangizi timalalikira tikamakamba za mitengo ndi manyowa. Chondiwawa ndi chimene ndikukumana nacho pa msewu wa ku Chamama: Aqua itadzaza matumba a soya kumpando wakumbuyo, ena atapanikizidwa poponda miyendo, magalasi onse ali otsegula, fumbi lili koboo.

Pansi pa mpando umenewo ndi pomwe pali batire lalikulu la Aqua, la mavoti 144. Likamagwira ntchito limatentha, choncho analiikira fani yomwe imakoka mpweya wa m'galimoto momwemo kudzera pa kachiboo ka m'munsi mwa mpando. Mukatseka kachiboo kaja ndi thumba, batire limapsa ngati fodya wonyowa amene wapanikizidwa m'belo. Ngakhale musatseke, fumbi la mwezi wa Ogasiti ndi mungu wa soya zimamatirira pa fani mpaka imangolira osakoka kanthu. Kompyuta ya galimoto ikaona kutentha imachepetsa ntchito ya batire, injini n'kuyamba kulira nthawi zonse. Apa hybrid yatha, mwatsala ndi galimoto wamba ya injini ya malita 1.5 yomwe ikunyamulanso batire losathandiza.

Anthu akuiwala kuti ubwino wonse wa hybrid pa chilengedwe wagona m'batiremo. Mukaponda mabuleki, mphamvu yomwe ikanatayika imabwerera m'batire, ndipo mukaima injini imazima. N'chifukwa chake m'tauni ngati Lilongwe, momwe mumaima n'kumanyamuka kosalekeza, Aqua yathanzi imaposa tigalimoto ting'onoting'ono monga Suzuki Alto, Daihatsu Mira kapena Passo. Koma pa M1, mukangochoka Kasungu n'kuponda moto osaima, mabuleki simuwagwira kawirikawiri ndipo kusiyana kuja kumachepa. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wokwana makilogalamu pafupifupi 2.3, kaya yapsera mu hybrid kaya mu Mira ya 660cc. Mlengalenga suwerenga dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto, umangolandira utsi. Tiyerekeze kuti ulendo wopita ku Lilongwe ndi kubwerera wakudyerani malita 13. Pamenepo mwatulutsa makilogalamu pafupifupi 30. Batire likafooka n'kumwa malita 18, mwadutsa 40.

Palinso ngongole ina yomwe hybrid imabadwa nayo. Mabatire a galimoto zambiri zomwe zikufika kunozi ndi a nickel, chitsulo chomwe chimachita kukumbidwa ndi kusungunulidwa, ntchito yowononga nthaka komanso yodya mphamvu zambiri. Ngongole imeneyi imabwezedwa pang'onopang'ono ndi mafuta amene galimoto ikupulumutsa chaka ndi chaka. Tsono Aqua inayamba kupangidwa mu 2011, ndipo zambiri zomwe zikudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe zayenda kale zaka ku Japan. Batire lafika litakalamba, inu n'kulimalizitsa ndi matumba m'nyengo imodzi yokolola. Lina liyenera kuitanitsidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lino likuzisowa, ndipo lakale lija likupita kuti?

Funso limeneli ndinalifunsa bambo wina wa mu kalabu yathu ya mtedza. Anagula Aqua chaka chatha atakolola bwino, ndipo chaka chino anandipeza ndili pa njinga yanga yamoto, nkhope ili gwaa. "Alangizi, galimoto ija yayatsa nyali pa dashibodi, lero yakaniratu kulira. Tayesa kukankha ndi anyamata, ayi ndithu." Ndinawauza kuti hybrid sakankha, injini yake imalizidwa ndi batire lomwelo. Nditasuzumira kumbuyo ndinapeza kachiboo kaja katatsekeka ndi makoko a mtedza ndi nthenga za nkhuku. Anagulitsa ng'ombe kuti apeze batire lina logwirapo kale ntchito. Lakale analisiya kuseri kwa galaja ina, pa mtunda pomwe madzi a mvula amatsikira kudambo komwe amayi amalima masamba. M'kati mwa mabatire amenewa muli mankhwala owotcha khungu, ndipo ana amakonda kutola tizidutswa take n'kumaseweretsa. Mlamu wawo ali ndi ka Mira kakale, sikokongola, koma kakuyendabe ndipo palibe chimene kataya kudambo kupatula utsi wake wochepawo.

Khalidwe ili si lachilendo. Ndi lomwe lija lomangirira matumba atatu a feteleza pa njinga yakapalasa mpaka masipoko kuthyoka, kenako n'kumati njinga za masiku ano n'zosalimba. Chilichonse cha matayala timachiyesa ngolo. Ndatopa nako kumva kuti "bola yafika". Yafika lero, nanga mawa? Ndipo a tigalimoto ting'onoting'ono musasekerere, Alto yolemedwa ndi matumba nayo imamwa ngati ludzu la m'chilimwe, kungoti ilibe batire lodula loti life.

Zochita n'zosavuta. Matumba apite pa ngolo kapena pa lole ya kalabu, kumpando wakumbuyo kukhale anthu, miyendo ndi zikwama zisatseke kachiboo. Pa msewu wafumbi tsekani magalasi. Mukapita kukasintha oyilo muuzeni makaniko atsegule fani ndi kuipukuta, koma mawaya a mtundu wa olenji musawakhudze nokha, magetsi ake amapha. Musaimike hybrid miyezi yambiri nthawi ya dzinja poopa matope, muziiliza n'kuyendako pang'ono. Amene simunagule, yezetsani batire pa kompyuta musanapereke ndalama, ndipo ngati maulendo anu ambiri ndi a kumudzi ndi a pa M1, ka galimoto kakang'ono kosamalidwa bwino, kopopa matayala mokwanira, kakukwanirani. Batire lakufa libwerere kwa amene wakugulitsani lina, kapena lisungidwe pouma, pokhoma, kutali ndi ana ndi chitsime.