Momwe mungamvetsere kulira kwa amphaka musanasankhe woti mupite naye kunyumba

Makoswe akayamba kuboola matumba a chimanga, ambiri timangopempha kamphaka kwa aneba. Pali njira inanso. Ku Lilongwe, bungwe la LSPCA limalandira agalu ndi amphaka otayidwa, kuwachiza ndi kuwapezera anthu owasunga. Vuto limabwera posankha. Pamalo ngati amenewa mphaka wina amakhala akukuwa pachitseko, wina akulira cham'mero, wina wangoti phee pakona, ndipo anthu ambiri amangonyamula amene wawakuwira kwambiriyo. Musafulumire choncho.

Choyamba, khalani pansi ndipo manja akhale pamiyendo. Dzipatseni mphindi 10 osagwira mphaka aliyense. Wina akakutsegulirani kukamwa n'kuchita "fuu!" makutu atagonera kumbuyo, musamuweruze kuti ndi wolusa. Kameneko ndi kalankhulidwe ka mantha, akungopempha kuti musamuyandikire. Mukakakamira adzakukalani. Zikatero tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala, chifukwa amphaka nawonso amafalitsa chiwewe.

Chachiwiri, mvetserani "nyawu" wa aliyense. Tiana ta mphaka timalira motere poitana mayi wawo, koma amphaka akuluakulu sachita "nyawu" kawirikawiri akakhala okhaokha. Mawu amenewa amasungira ife anthu. Mu 1944 katswiri wina wa ku America, Mildred Moelk, anasiyanitsa mitundu 16 ya mawu a mphaka, ndipo nanunso mukatchera khutu mupeza kusiyanako. Pali kakafupi kopereka moni, pali kokoka kopempha chakudya, palinso kena konjenjemera, "prrrp", kamene mphaka amatulutsa akubwera mchira uli m'mwamba. Kameneka ndi ka ubwenzi weniweni. Mukamuona ataima pawindo n'kumagwedeza chibwano "ke-ke-ke", dziwani kuti waona mpheta imene sangaifikire.

Apa dzifunseni za kwanu. Mphaka wolongolola pachitseko cha khola adzalongololanso pachitseko cha kuchipinda kwanu 4 koloko m'bandakucha. Ngati mukukhala nyumba ya lendi yogundizana ndi ena, ganizirani kawiri. Amtundu wa Siamese ndiwo amatchuka ndi pakamwa, koma ngakhale pusi wamba wa pamudzi amatha kukhala wosatopa ndi nkhani.

Chachitatu, samalani ndi kulira kwa m'mero kuja, komveka ngati njinga yamoto ili patali. Timakonda kunena kuti mphaka akatero ndiye kuti wasangalala. Nthawi zambiri ndi zoona, makamaka akamapondaponda chitenje chanu ndi timapazi takutsogolo, monga ankachitira poyamwa. Koma mphaka wodwala, wovulala ngakhale amene akubereka amachitanso chimodzimodzi. Choncho musangodalira khutu, yang'anani thupi. Wagona chammbali, miyendo ataitaya? Ali bwino. Wanjuta, ubweya uli nyankhalala, mbale ya chakudya sanaikhudze? Itanani wosamalira. Ndiye pali kachenjerero kena. Karen McComb wa ku yunivesite ya Sussex ku England anapeza mu 2009 kuti mphaka akafuna chakudya amabisa kamawu kokwera mkati mwa kulira kwa m'meroko, kofanana ndi kulira kwa khanda, ndipo munthu amalephera kukanyalanyaza. N'chifukwa chake mumapezeka mwamuponyera usipa wa ndiwo zanu musanaganize n'komwe.

Chachinayi, pitani kwa wachete uja. Ine ndimaona kuti amphaka abwino ambiri amatsalira m'makola chifukwa sadziwa kudzitsatsa. Muyang'aneni pang'ono, tsinzinani pang'onopang'ono, kenako tsegulani maso n'kuyang'ana kumbali. Kafukufuku wa ku Sussex komweko wa mu 2020 anasonyeza kuti amphaka amabwezera kutsinzina kotere ndipo amamasuka kuyandikira ngakhale mlendo. Akakubwezerani, tambasulani chala chimodzi kuti anunkhize. Akachikhula ndi tsaya, mwagwirizana. Akakhala wakuda musabwerere m'mbuyo. Kuda ndi mtundu wa ubweya basi, ndipo khoswe saona kusiyana.

Chachisanu, funsani amene amawadyetsa tsiku ndi tsiku. Anapezeka ali wamkulu bwanji? Funso limeneli ndi lofunika chifukwa kamphaka kamazolowera anthu pakati pa masabata 2 ndi 7 kabadwire, ndipo amene anakulira kutchire kapena kumsika osagwiridwa nthawi imeneyi angakhale mlenje wabwino m'nkhokwe koma sadzakonda kunyamulidwa ndi ana. Funsaninso ngati anabayidwa katemera wa chiwewe, komanso ngati anafulidwa kapena kutsekedwa kuti asabereke. Kulira kwa usiku kuja, konga kwa mwana wakhanda kuseri kwa nyumba, kumene ena amakuthamangira ndi mapemphero poganiza za ufiti, kawirikawiri amakhala mphaka wamkazi amene akuitana wamwamuna, kapena amuna awiri akulimbirana malo. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5 yokha, ndipo pakatha masabata 9 mumakhala ndi tiana todzaza katoni. Opaleshoni yofula kapena kutseka ija imathetsa zambiri mwa phokosoli.

Mukafika naye kunyumba, mutsekereni m'chipinda chimodzi masiku oyamba, muli madzi, chakudya, beseni la mchenga ndi katoni yobisalamo. Akalira usiku woyamba musamumenye, akusaka fungo limene analizolowera. Mupatseni dzina limodzi ndipo banja lonse lizimuitana lomwelo. Atsuko Saito ndi anzake ku Japan anasonyeza mu 2019 kuti amphaka amasiyanitsa dzina lawo ndi mawu ena, ngakhale kuyankha kwake nthawi zina kumakhala kungogwedeza khutu.

Pakatha mwezi mudzakhala mutadziwa mawu ake a masiku onse, ndipo mudzazindikira msanga akasintha. Wolongolola akangoti zii, wachete akayamba kukuwa usiku, kapena wamwamuna akamalira pofuna kukodza koma mkodzo osatuluka, pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Musamupatse Panado: mankhwala amenewa ndi poizoni kwa mphaka, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha.